Kuthira Vinyo wa Uchi m'Mabotolo

Vinyo wa uchi ndi chakumwa chakalekale. A ku Ethiopia amamutcha tej, ndipo ku Ulaya amonke ankaweta njuchi kuti apeze sera ya makandulo a m'tchalitchi, uchi wina naufulula. Zofunika zake n'zitatu zokha: uchi, madzi ndi yisiti. Koma ambiri amataya thukuta lawo pa ntchito yotsiriza, ndiyo yothira m'mabotolo. Tsono tiyeni tiphunzire bwino.

1. Dikirani kuti aleke kuwira. M'chaka cha 1857 Louis Pasteur wa ku France anayamba kusonyeza kuti kuwira ndi ntchito ya tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Yisiti imadya shuga wa mu uchi, nitulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya. Mukatsekera vinyo shuga asanathe, mpweyawo umasowa potulukira, ndipo botolo limaphulika. Magalasi ake angathe kuboola diso la mwana. Chifukwa chake musatseke mpaka thovu litatheratu ndipo vinyo atayera mbee, ngakhale papite miyezi iwiri kapena itatu. Musaonjezenso uchi pa tsiku lothira, pakuti yisiti yogonayo idzadzuka.

2. Tsukani mabotolo. Sankhani agalasi lolimba, opanda mng'alu. Atsukeni, muwaike m'madzi ozizira, kenaka muwawiritse mphindi 10. Botolo lozizira likaponyedwa m'madzi otentha limasweka.

3. Siyani nsenga pansi. Ikani chotengera chanu pa tebulo, mabotolo pansi, ndipo vinyo atsike yekha kudzera m'kapaipi koyera. Musapendeketse kapena kukhutchumula, chifukwa nsenga zimaipitsa kukoma. Nsonga ya kapaipi ifike pansi pa botolo kuti vinyo asachite thovu. Mpweya wa panja ukalowa wambiri, vinyo amasukuluka, mwinanso kusanduka viniga.

4. Tsekani bwino. Siyani mpata wa zala ziwiri pansi pa chitsekero. Lembani tsiku ndi chaka pa botolo lililonse.

5. Sungani pa mdima ndi pozizira, kutali ndi moto ndi ana. Pakapita sabata ziwiri tsegulani botolo limodzi. Likatulutsa mpweya mwamphamvu, dziwani kuti munafulumira: bwezerani vinyo yense m'chotengera kuti amalize kuwira. Vinyo wa uchi amayamba kukoma pakatha miyezi 6 kapena chaka chathunthu. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, abale okondedwa, kumbukirani kuti vinyo ameneyu ngakhale amatsekemera pakamwa, ukali wake umaposa wa masese. Kapu yaing'ono imakwanira munthu wamkulu. Ana ndi amayi oyembekezera asalaweko konse. Amene wadziletsa miyezi yambiri podikira botolo, adziletsenso pa tsiku lolitsegula.