ZA UMOYO: KHUNYU NDI MATENDA A UBONGO

Mwezi uno phunzilo lathu likamba za khunyu, matenda amene ambili amawaopa ndi kuwabisa. Asing'anga a zipatala aphunzila zambili za ubongo m'zaka zapitazi, ndipo zina mwa izo anazipeza konkuno ku Cigawo ca Kum'mawa.

UBONGO UGWILA BWANJI NCHITO?

Mu ubongo wa munthu muli timaselo pafupifupi mabiliyoni 86. Timaselo timeneti timatumizilana mauthenga ndi kamphamvu kocepa ka magetsi. Ndi mwa njila iyi mmene munthu amaonela, kuyenda, kulankhula ndi kukumbukila. Nthawi zina timaselo ta mbali imodzi timatumiza mauthenga onse pamodzi mosokonezeka. Pamenepo munthu amagwa, kuuma ndi kugwedezeka, kapena amangoyang'ana osamva kanthu kwa kamphindi. Zikamabwelezabweleza popanda malungo kapena cifukwa cina ca tsiku lomwelo, ndiye khunyu imeneyo. Bungwe la WHO loona za umoyo linena kuti anthu pafupifupi mamiliyoni 50 pa dziko lonse ali ndi matendawa.

CIMAIYAMBITSA N'CIANI?

Ciliconse cosiya cipsela mu ubongo cingayambitse khunyu: kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu, sitiloko, malungo aakulu okwela kumutu, ndi njoka ya m'mimba yocokela ku nkhumba.

Njoka imeneyi tiyenela kuimvetsa bwino. Munthu akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazila ake amatuluka ndi cimbudzi. Nkhumba yoyendayenda ikadya cimbudzico imagwidwa masese. Koma munthu naye angameze mazilawo kupyolela m'manja osasamba, madzi akuda kapena ndiwo zamasamba zosatsuka. Mazila akaswa, tiana ta njoka timayenda ndi magazi mpaka kukakhala mu ubongo ngati timatuza. Tingakhalemo zaka osavutitsa. Tikayamba kufa, malowo amatupa, ndipo munthu amayamba kugwa. Conco ngakhale amene sadya nkhumba angadwale ngati wophika panyumba ali ndi njokayo.

Mu 2015, Dr. Kabemba Mwape wa pa yunivesite ya Zambia ndi anzake anafalitsa zimene anapeza kudela la Katete. Anapima magazi a anthu a khunyu ndi kujambula mkati mwa mitu yao ndi makina a CT. Oposa theka anaonetsa zizindikilo za njoka imeneyi mu ubongo. A WHO naonso anena kuti kumene njokayi ndi yofala, odwala khunyu 30 mwa 100 alionse amadwala cifukwa ca iyo.

MANKHWALA ALIPO

Odwala ofika 70 mwa 100 angaleke kugwa akamamwa mankhwala oyenela monga phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Mankhwalawa amamwedwa tsiku ndi tsiku. Osaleka mwadzidzidzi cifukwa coti mwapezako bwino, pakuti kugwa kungabwele koopsa kuposa kale. Mayi woyembekezela kapena wofuna kutenga pathupi auze a dokotala msanga, cifukwa ena mwa mankhwalawa angavulaze mwana m'mimba.

MUNTHU AKAGWA

1. Mucotseni pafupi ndi moto, madzi kapena mseu.
2. Ikani citenje pansi pa mutu wake.
3. Musamuike supuni kapena cala m'kamwa, ndipo musamupanikize.
4. Akaleka kugwedezeka, mugonekeni cammbali kuti malovu atuluke.
5. Kugwedezeka kukapitilila mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangilani naye ku cipatala.

Khunyu siyambukila. Simungaitenge pogwila malovu a wodwala kapena podyela naye mbale imodzi. Ambili apsa koopsa pamoto cifukwa abale anathawa poopa kumugwila. Mwana wa khunyu apite ku sukulu monga anzake.

KUPEWA

Banja lililonse likhale ndi cimbudzi, ndipo ana naonso azipita momwemo. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka ku cimbudzi ndiponso musanagwile cakudya. Tsekelani nkhumba m'khola. Nyama ya masese musagule kapena kugulitsa, ndipo nyama iliyonse ya nkhumba iziphikidwa mpaka kupsa ndi mkati momwe. Ana azigona m'neti, ndipo akatentha thupi apimidwe malungo tsiku lomwelo.

Ngati pamudzi panu pali wina amene amagwa, musamubise m'nyumba. Mupelekezeni ku kiliniki sabata lino.