Foni inati mphindi 20, ife tinatenga 40

Anzanga, amene munakwerapo magalimoto aja ochokera ku Japan mukukadziwa kasikirini kamene kamakhala pafupi ndi chiwongolero. Akangoliza injini, mayi wina amayamba kuyankhula Chijapanizi, kenako pamabwera mapu. Amalume anga ali ndi galimoto yotereyi, amapanga taxi m'tauni mwa Zomba. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi mapuwa akuonetsa kuti tili pati?" Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, chimenechi chimaganiza kuti tikadali ku Japan. Mwinanso chimationetsa tili pakati pa nyanja." N'chifukwa chake akafuna kudziwa nthawi ya ulendo amayang'ana mapu a pa foni.

Pa holide yapitayi ndinakhala nawo sabata imodzi, ndinkawathandiza kutsuka galimoto. Loweruka m'mawa alendo ena amene anagona ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, anaimba foni kuti akawatenge msanga, amathamangira ndege ku Chileka. Amalume anayang'ana pa foni, foni inati mphindi 20, iwo n'kuwauza alendowo kuti, "Mphindi 20 basi, ndafika." Tinafika patatha mphindi 40, ndipo tinapeza alendo atapita ndi galimoto ina. Mafuta anapsa ulele. Ndalama ya ulendo umenewo anali atandilonjeza kuti andigulira nsapato za sukulu, moti mukandiona ndi zong'ambika zomwe zija musadabwe.

Zinandiwawa, ndiye titatsegulira ndinakafunsa aphunzitsi athu a Physics kuti makina amenewa nthawi amaitenga kuti. Zimene ndinamva ndi izi.

GPS imangodziwa pamene uli

Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, kuli masetilaiti a GPS a dziko la America. Alipo osachepera 24 ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Foni kapena makina a m'galimoto akalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti anayi kapena kuposa apo, amawerengera malo amene ali. Ntchito ya GPS imathera pomwepo. Setilaiti sidziwa kuti pamsika pali anthu, sidziwa mahampu, sidziwa rodibuloko.

Mapu ndi chinthu china. M'galimoto ya amalume mapu anasungidwa m'makina momwemo, ndipo ndi a misewu ya ku Japan yokha. Kumeneko kulinso dongosolo lotchedwa VICS, lomwe linayamba mu 1996, limene limatumiza ku magalimoto uthenga wonena misewu imene yadzaza. Kuno uthengawo sufika. Ndiye sikuti makinawo anawonongeka ayi, angokhala mlendo amene sakudziwa njira.

Nanga nthawi imachokera kuti?

Ndi masamu omwe aja a m'kalasi: nthawi = mtunda ÷ liwiro. Makina amadula ulendo m'zidutswa, chidutswa chilichonse amachipatsa liwiro limene akuganiza kuti galimoto imayenda pamenepo, kenako amaphatikiza nthawi zonse. Mtunda sauphonya kwenikweni. Pamene pamavuta ndi pa liwiro, chifukwa limenelo amachita kuyerekeza. Mapu a pa foni amaposako a m'galimoto poti amatha kuona mmene mafoni a anthu ena akuyendera mumsewu womwewo. Koma pa msewu umene mumadutsa magalimoto ochepa, ngati wopita kuphiri, mafoni owaonerawo ndi ochepanso.

Tiyeni tiwerengere ulendo wathu uja. Manambala ndawafewetsa kuti masamu asavute. Tingoti kuchokera m'tauni kukafika ku Ku Chawe ndi makilomita 10. Kuti foni inene mphindi 20, ndiye kuti inkaganiza liwiro la makilomita 30 pa ola, chifukwa 10 ÷ 30 ndi gawo limodzi la magawo atatu a ola, zomwe ndi mphindi 20.

Koma pamsewu zinayenda chonchi. M'tauni, makilomita 2 oyamba, tinkapatsana njira ndi a kabaza ndi maminibasi, ndiye tinayenda pa liwiro la 20: mphindi 6. Tinaima kuthira mafuta: mphindi 4. Makilomita 8 otsalawo ndi chitunda chokhachokha, msewu wake wokhotakhota. Kutsogolo kwathu kunali chilole chakale chopita kukatenga matabwa, kumbali kukutsika anthu ndi mitolo ya nkhuni pa njinga, kumtunda kuli nkhungu. Popitirira panalibe. Tinayenda pa liwiro la 16, ndipo 8 ÷ 16 ndi theka la ola: mphindi 30. Kuphatikiza 6, 4 ndi 30, mphindi 40 zija ndi zimenezo. Avareji ya liwiro lathu inali makilomita 15 pa ola, theka la limene foni inkaganiza.

Msampha umene umagwira ambiri

Potsika tinalibe wotitchinga, tinatenga mphindi 20, kutanthauza liwiro la 30. Funso nali: avareji ya liwiro la ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndi chani? Ine poyamba ndinaphatikiza 15 ndi 30 n'kugawa pawiri, ndinapeza 22.5. Aphunzitsi anangopukusa mutu. Njira yake ndi yotenga mtunda wonse n'kugawa ndi nthawi yonse. Mtunda wonse ndi makilomita 20, nthawi yonse ndi mphindi 60, lomwe ndi ola limodzi. Yankho ndi makilomita 20 pa ola. Chifukwa chake n'choti tinakhala nthawi yaitali tikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi nthawi imene tinathamanga. A Fomu 2 anzanga, limeneli lisadzatigwire pa JCE.

Apa pali phunziro linanso. Nthawi imene wataya pa chitunda siibwerera msanga ngakhale uthamange kutsogolo. Madalaivala ena akaona kuti nthawi ya pa sikirini yawadutsa amayamba kuponda moto kuti aipeze. Pa msewu wa kuphiri, pomwe mbali ina ndi phompho, zimenezo n'zoika moyo pachiswe chifukwa cha nambala imene makina anangoyerekeza.

Nafenso oyenda pansi zikutikhudza

Mwina mukuti, aise, ife galimoto tilibe, zikutikhudza bwanji? Ine ndimayenda makilomita 6 kubwera kusukulu kuno. Nthawi ya chilimwe ndimatenga ola limodzi ndi mphindi 15. Mvula ikagwa usiku, njira imaterera ndipo pamtsinje ndimayamba ndavula nsapato, ndiye ndimatenga ola ndi theka. Kale ndinkanyamuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kumangodabwa kuti bwanji ndikupeza asembule yatha n'kupatsidwa chibalo chotchetcha. Ndinkachita ngati foni ija, kuwerengera mtunda n'kuiwala njira. Pano ndimayamba ndayang'ana kunja. Tsiku la mayeso ndidzawerengera nthawi ya tsiku loipa, osati ya tsiku labwino.

Amalume nawonso anasintha. Munthu akaimba ali kuphiri, amayang'ana pa foni n'kuwonjezerapo mphindi zawo, ndipo amamuuza kuti, "Bwana, mundipatse mphindi 40, ndikafulumira ndi mwayi wanu."

Yesani ili

Minibasi ikuyenda makilomita 60 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, koma panjira yaima kasanu ndi kamodzi, paliponse mphindi 5. Ulendo wonse watenga nthawi yaitali bwanji, ndipo avareji ya liwiro lake ndi chani? Lembani yankho pa kapepala mundipatse pa buleki. Musalembe pa bolodi pano, ena asanayese.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2