Za Madzi Owawasa m'Dziwe la Nsomba

Pali alimi ena amene akumba dziwe, nathiramo ndowe mwezi ndi mwezi, koma madzi ake akhalabe oyera ngati a pacitsime, ndipo nsomba sizikula. Kawiri kawiri colakwa siciri pa ndowe kapena pa mbeu ya nsomba ai, koma pa madziwo, pakuti ali owawasa.

Bvuto ili licuruka kumpoto kwa Zambia, monga ku Luapula ndi ku Copperbelt, kumene mvula yambiri imatsuka laimu wa m'nthaka. Lipezekanso m'madambo a kwina, makamaka pamene madzi aturuka m'dothi lakuda la zomera zobvunda, ali ofiirira ngati tiyi. Alangizi a nsomba ayesa kuwawasako ndi muyeso wochedwa pH. Madzi a pa 7 ali pakati. A pansi pa 7 ndiwo owawasa. Nsomba zikondwa kuyambira pa 6.5 kufikira pa 9. Pa 5 zileka kuswana bwino, ndipo pa 4 zimafa. Nthawi yoyesa ndiyo mbanda kuca, cifukwa usana muyeso umakwera ndi kunyenga munthu.

Cakudya ceniceni ca nsomba za m'dziwe ndico tizomera tating'ono tosaoneka ndi maso, timene tisandutsa madzi kukhala obiriwira. Koma matope owawasa amagwira mphamvu ya ndowe naimanga, kotero kuti tizomerato tisowa codya. Mwini dziwe wotere afanana ndi munthu wotungira madzi m'dengu.

Mankhwala ake oyamba ndiwo laimu wa kumunda, ndiye mwala wopera wosaocha. Dziwe la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi lifuna makilogalamu 10 kufikira 20, monga mwa kuwawasa kwa nthaka yake. Nyengo yabwino ndi cirimwe, atakolola nsomba ndi kuphwetsa dziwe. Awaze laimu ponse pa matope ndi m'mbali momwe, osamuunjika pamodzi. Pamenepo alowetse madzi, nalinde sabata imodzi kapena awiri asanathire ndowe. Akathira zonse tsiku limodzi, laimu amanga mphamvu ina ya ndoweyo.

Amene ali kutali ndi sitolo ali nalo phulusa la pamoto. Mphamvu yake icepa, cotero lifunika ngati kawiri muyeso wa laimu, ndipo likhale losefa, losungidwa pouma. Phulusa lobvumbwa mphamvu yake yapita kale. Amai ophika therere ndi cidulo adziwa kuti phulusa liri ndi ukali. Cifukwa cace m'dziwe muli nsomba alithire pang'ono pang'ono, atalisungunula m'cidebe ca madzi, kwa masiku angapo. Zigoba za nkhono ndi za mazira zithandizanso zikasinjidwa kufikira zisanduka ufa, koma zobenthuka cabe zigona pansi nthawi yaitali osacita kanthu.

Njereza yoocha, yokometsera nyumba, ndi ina. Iyo ipha nsomba msanga, niocha manja ndi maso. Iyenera pa dziwe louma pokha, ndipo nsomba zisalowemo asanathe masabata awiri.

Pofuna kudziwa ngati nchito yatheka, mlimi abviike mkono m'madzi kufikira pa cigongono. Cikhato cikabisika m'madzi obiriwira, dziwe liri bwino. Koma ngati madzi a m'dambo alowa ndi kuturuka kosaleka, amatenga laimu ndi ndowe pamodzi. Cotero atseke ngalande, naitsegule pokha pamene madzi acepa. Pa nthaka yowawasa kwambiri laimu athiridwa caka ndi caka.