Amayeza bwanji mphamvu ya mankhwala a m'mitengo?

Phunziro lathu la ulendo uno likukhudza zinthu zomwe zimapezeka pafupifupi pakhomo lililonse: makungwa, mizu ndi masamba omwe timawiritsa munthu akadwala, kapena timanyika kuti tipopere mbewu. Muyezo wake tonse timaudziwa. Masamba odzaza dzanja, madzi odzaza chikho, m'mawa ndi madzulo. Usipa timagulitsa pa chigoba, chimanga pa sikelo, ndipo wina akatibera muyezo timaona pomwepo. Nanga mphamvu yomwe ili m'kati mwa tsamba amaiyeza bwanji?

Mtengo sungathawe mbozi kapena mbuzi, choncho umadziteteza ndi mankhwala omwe umapanga wokha. Gulu limodzi la mankhwala amenewa akatswiri amalitchula kuti alkaloid. Onse a m'gululi ali ndi nayitrojeni, yemwe uja timagula m'thumba la urea, ndipo ambiri ndi owawa. Timawadziwa kale ngakhale dzinalo ndi lachilendo: nikotini wa mu fodya, kafeini wa mu tiyi ndi khofi, kwinini wa malungo. Khalidwe lawo n'lakuti pang'ono pokha amagwira thupi mwamphamvu, ndipo kwa ambiri a iwo mpata wa pakati pa kuchiritsa ndi kuvulaza ndi wochepa.

Nkhani ya kwinini

Kwinini amachokera m'makungwa a mtengo wotchedwa cinchona, womwe kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Ecuador. Kwa zaka pafupifupi 200 anthu a ku Ulaya ankangosinja makungwawo n'kumwa ufa wake. Wina ankachira malungo, wina ayi. Mu 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou, anapatula kwinini yekha kumuchotsa m'khungwa. Kuyambira pamenepo kunali kotheka kufunsa kuti mu kilogalamu imodzi ya khungwa ili muli kwinini wochuluka bwanji.

Yankho lake linawawitsa mutu anthu a ku Netherlands. M'zaka za m'ma 1850 iwo anayamba kudzala cinchona pa chilumba cha Java, chomwe lero chili mu Indonesia, ndipo anachulukitsa mtundu wina womwe unkakula mosavuta. Mitengo inabiriwira bwino ndithu. Koma atayeza khungwa lake anapeza kuti kwinini ndi wochepa kwambiri, wosabweza n'komwe ndalama zolimira.

Mu 1865 Manuel Incra Mamani, munthu wa mtundu wa Aymara amene ankaidziwa bwino mitengoyi, anatola njere za mtundu wina ku Bolivia n'kuzipereka kwa Charles Ledger, wamalonda wa ku Britain amene ankamugwirira ntchito. Boma la Britain silinazifune. A ku Netherlands anagulako zosakwana theka la kilogalamu. Mwa mitengo yomwe inamera, ina khungwa lake linafika pa 13 peresenti ya kwinini. Komabe si yonse inali choncho, ndiye ankayeza mtengo umodziumodzi, n'kusunga yamphamvu yokha kuti ikhale yobereketsa. Pofika m'ma 1930 kwinini wambiri wa padziko lonse ankachokera ku Java. Mtengowo anaupatsa dzina la Ledger. Mamani anamangidwa, anamenyedwa ndipo anamwalira mu 1871. Dzina linapita kwa wogulitsa, wodziwa mtengo n'kutsala padera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti pakufunika theka la galamu ya kwinini. Khungwa la 10 peresenti, magalamu 5 akwana. Khungwa la 1 peresenti, pafunika magalamu 50. Tsono munthu amene anazolowera khungwa lofooka akapatsidwa lamphamvu n'kutapa mulingo wake wa masiku onse, wamwa kakhumi kuposa zoyenera. Kwinini akachuluka m'thupi makutu amalira, munthu amagontha, maso amatha kuchita khungu, mtima umasokonekera. Wozolowera lamphamvu akapatsidwa lofooka, malungo amangopitirira iye akuganiza kuti wamwa mankhwala. Lilime silingatithandize apa, chifukwa kwinini amawawa ngakhale atachepa chotani. Makungwa onse awiri alavulitsa chimodzimodzi.

Akale aja ankayeza pochita kuumitsa kwinini kukhala ngati mchere n'kumuika pa sikelo, ntchito yofuna khungwa lambiri ndi masiku angapo. Lero kakhungwa kochepera chikhadabo kamakwana, chifukwa cha njira ziwiri zomwe zimayendera limodzi.

Kupatula kaye, kenaka kuyeza

Ntchito imayambira kumunda. Woyeza amalemba dzina lenileni la chomera, mbali yomwe watenga, malo ake ndi mwezi wake, poti zonsezi zimasintha mphamvu. Amene analimako fodya akudziwa: nikotini amapangidwa kumizu n'kukwera m'masamba, masamba a pamwamba ndi aukali kuposa a pansi, ndipo mukadula nsonga ukali umawonjezeka. Akatero amayanika, amasinja, amayeza ufa pa sikelo, n'kuunyika mu mankhwala osungunula monga methanol. Nthawi zina amatsuka kaye msuziwo pogwiritsa ntchito khalidwe la ma alkaloid: m'madzi a asidi amasungunuka, koma mukathiramo zonga chidulo cha phulusa amawakana madziwo n'kusamukira m'mankhwala ena okhala ngati mafuta. Zinyalala zambiri zimatsalira m'mbuyo.

Ngakhale atasefa chotani, msuzi umenewu umakhalabe ndi zinthu zambirimbiri zosakanikirana. Njira yozilekanitsa ndiyo chromatography. Anaiyamba ndi Mikhail Tsvet wa ku Russia kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Iye anathira msuzi wa masamba m'kapaipi kagalasi kodzaza ndi ufa wa choko, ndipo mtundu wobiriwira unagawikana kukhala mizere yobiriwira ndi yachikasu. Ana a sukulu akhoza kuyesa kunyumba: dontho la inki yakuda yosungunuka m'madzi pa kapepala kofewa, nsonga ya kapepalako ikhudze madzi, dontho likhale pamwamba pa madziwo. Madzi akamakwera mudzaona yakuda ija ikubala mitundu ingapo.

Chimachitika n'chiyani? Taganizani anthu khumi ochokera ku doko alowa pamsika nthawi imodzi. Mlendo wosadziwa munthu adutsa n'kutulukira mbali ina mosachedwa. Mwana wa pamudzi aima pa benchi iliyonse, moni apa, kufunsa za odwala apo, ndipo atuluka pomaliza. Analowa limodzi, atuluka mmodzimmodzi. M'labotale, msikawo ndi kapaipi kachitsulo kotalika masentimita 10 mpaka 25, kodzaza ndi timchenga tosalala kuposa ufa woyera. Pampu imakankhiramo msuzi mwamphamvu. Mankhwala omwe amakonda kumamatira ku timchengato amachedwa, osamamatira amafulumira. Makina akatcheredwa mofanana, mankhwala amtundu umodzi amatuluka pa mphindi yomweyomweyo nthawi zonse. Makina amenewa mudzamva akuwatchula kuti HPLC.

Pakhomo potulukira pamadikira makina achiwiri, a mass spectrometry. Tinene kuti ndi sikelo ya tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa mamolekyu. Amawaza madzi aja kukhala nkhungu, amapatsa timamolekyu mphamvu ya magetsi, n'kutidutsitsa m'chipinda chopopedwa mpweya momwe topepuka ndi tolemera timayenda mosiyana. Mankhwala aliwonse ali ndi kulemera kwake: nikotini 162, kafeini 194, kwinini 324. Pa kompyuta manambalawa kawirikawiri amaoneka atakwera ndi 1, kwinini n'kukhala 325, chifukwa cha kanthu komwe amamumata pomupatsa magetsi. Pofuna kutsimikiza, makina amaphwanya molekyuyo n'kuyezanso zidutswa zake, poti mankhwala aliwonse amasweka mwa njira yake.

Mwina wina afunsa: ngati sikelo ili yochenjera chonchi, kupatula kuja n'kwa chiyani? Khungwa la cinchona lomweli likuyankha. Muli amapasa, kwinini ndi quinidine. Onse amalemera 324, zopangira zake n'zofanana, amangosiyana kapindikidwe. Koma quinidine amagwira mtima mwamphamvu kwambiri, moti madokotala ankamupereka kwa odwala mtima wogunda mosalongosoka. Sikelo payokha ikanawaphatikiza n'kupereka nambala imodzi. Kapaipi kaja n'komwe kamawalekanitsa, wina atuluke kaye mnzake pambuyo.

Kudziwa kuti mankhwala alimo si kudziwa kuchuluka kwake. Pa ichi woyeza amatenga kwinini weniweni wogula, amasungunula milingo yodziwika, wochepa, wapakati, wochuluka, n'kuidutsitsa m'makina. Uliwonse umajambula kaphiri pa kompyuta, ndipo kaphiri kamakula molingana ndi mulingo. Kenaka amayerekeza kaphiri ka khungwa lija ndi timapiri timeneti, monga momwe wa pamsika amaikira mwala wa kilogalamu mbali ina ya sikelo. Mu galamu imodzi ya khungwa louma mukapezeka mamiligalamu 50, ndiye 5 peresenti basi.

Makinawa ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, mpweya wa nayitrojeni ndi munthu wophunzira bwino. Ilipo njira yotchipa, TLC, yomwe ili ngati kapepala ka ana a sukulu kaja koma pa kagalasi kapena kalata kopakidwa ufa wapadera. Siipereka nambala yeniyeni, koma imaonetsa ngati mankhwala alimo kapena mulibe, n'chifukwa chake amaigwiritsanso ntchito pogwira mapiritsi achinyengo.

Nambala ikatuluka, imatiuza chiyani?

Nthawi zina imatiuza kuti mphika wa kunyumba sungakwanitse. Pali duwa lina lofiirira kapena loyera lomwe ambiri timadzala pabwalo, kwawo ndi ku Madagascar, dzina la akatswiri Catharanthus roseus. M'masamba ake ndimo mumachokera vincristine, mmodzi mwa mankhwala omwe madokotala amapereka kwa ana odwala khansa ya Burkitt, ija yotupitsa nsagwada kapena mimba, yomwe imakonda madera a malungo ngati athu ano. Wina akamva zimenezi akhoza kuthamangira kukathyola masamba. Koma kuyeza kunaonetsa kuti pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba kuti papezeke galamu imodzi, ndipo m'tsamba lomwelo muli ma alkaloid ena oposa 100 omwe mwanayo angamwere limodzi. Vincristine amaperekedwa mu mtsempha, kuchipatala, pa mulingo woyezedwa ndi thupi la mwana.

Tisawakweze makinawa kuposa pomwe ali. Amanena zomwe zilimo ndi kuchuluka kwake. Sanena ngati zimachiritsa. Limenelo ndi funso lina, loyankhidwa poyesa odwala mosamala. Ndipo kuwawa sikutanthauza kwinini. Nimu ndi wowawa koopsa koma mulibe kwinini ngakhale pang'ono. Mwana akatentha thupi, kukayezetsa magazi ndi kulandira LA kusachedwetsedwe ndi chikho cha zowawa. Ngati mwamumwetsa kale zitsamba, auzeni adokotala mosabisa, ndipo tengani tsamba kapena khungwa lake akalione.

Nkhani yomwe ikutikhudza pafupi kwambiri ndi ya mthuthu, ena amati ombwe, womwe timadzala kuti ubwezeretse chonde n'kuteteza mbewu ku tizilombo. Zomwe zimapha tizilombo mu mthuthu si alkaloid, ndi gulu lina lotchedwa rotenoid, koma makina oyezera ndi omwewa. Mu 2012 akatswiri a ku Kew ndi ku University of Greenwich ku Britain, pamodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi, anatulutsa zomwe anapeza atayeza mthuthu wa alimi m'malo 13 m'dziko muno. Zinapezeka kuti mthuthu uli pawiri. Wina uli ndi rotenoid, wina mulibiretu, ndipo wopanda kanthuyu unali pafupifupi mtengo umodzi pa inayi iliyonse. Dzina ndi limodzi, masamba ofanana. Ndiye mlimi amene ankati "mthuthu n'ngwabodza" ndi mnzake amene ankati "umagwira" onse ankanena zoona, aliyense za mtengo wa kumunda kwake. Wopanda rotenoid uja chonde umabwezeretsabe, kungoti anankafumbwe sauopa.

Ife tilibe HPLC pamudzi, koma pa mthuthu tikhoza kuyeza mwa njira yathu, chifukwa oyesedwa ndi tizilombo, osati mwana. Tengani mabotolo awiri ofanana, muikemo khobwe wofanana. M'limodzi sakanizanimo ufa wa masamba a mthuthu owumitsidwa pamthunzi, linalo lisiyeni choncho. Ikani anankafumbwe 20 m'botolo lililonse, tsekani ndi kansalu, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi muwerenge akufa. Botolo lopanda mankhwala musalinyozere: popanda ilo simungadziwe ngati tizilombo tafa ndi mthuthu kapena ndi kutentha. Mukaona kuti palibe kusiyana, kapempheni mbewu kwa mnzanu amene wake wagwira, ndipo muyesenso musanadzale munda wonse. Posinja phimbani mphuno ndi pakamwa, khobwe wothiridwa mumutsuke bwino musanaphike. Zotsalira ndi madzi otsukira ndowa zikwiririni kumtunda, kutali ndi nyanja ndi mtsinje, chifukwa mthuthu wamphamvu uja umapha nsomba pamodzi ndi tiana take, ndipo lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.