Dizilo, gasi kapena batire: kusankha forklift yoyenera ntchito ya ku Zomba

Amalonda a simenti, feteleza, mpunga ndi matabwa akasonkherana kuti agule kapena kubwereka forklift, makina onyamula katundu wolemera, ambiri amathamangira kufunsa mtengo wogulira. Koma chimene chimadya phindu mwezi ndi mwezi ndi mphamvu yoyendetsera makinawo. Lole ya matani 30 imabwera ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Makina akaima kaamba kosowa dizilo kapena magetsi, loleyo imagona pakhomo la godauni, mwini wake nkumawerenga masiku, ndipo gulu limalipiranso aganyu otsitsa pamutu. Choncho funso loyamba likhale ili: kodi mphamvu imeneyi idzapezeka tsiku limene katundu wafika?

Forklift ya dizilo ndi yamphamvu ndipo siiopa matope kapena mvula. Yonyamula matani awiri ndi theka imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, malinga ndi kukula kwa ntchito. Amakaniko odziwa injini za dizilo ndi osasowa m'tauni ya Zomba. Vuto lake ndi loti mafuta onse amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA lidakweza mitengo ya mafuta nthawi yomweyo. Mizere ya pa mafilingi siteshoni ya mu 2022 ndi 2024 idaimitsa ntchito zambiri. Komanso utsi wa dizilo m'nyumba yotseka umadwalitsa antchito, ndipo fungo lake limalowa mu ufa, mpunga ndi matemba a ku Chilwa.

Ya gasi imatulutsa utsi wochepa, ndipo silinda ikatha, kusintha kumatenga mphindi zowerengeka. Komabe gasi naye amachokera kunja, ndipo utsi wake, ngakhale suoneka, uli ndi mpweya woipa umene ungakomole munthu ngati zitseko ndi mawindo zili zotseka. Wogula ayambe wafunsa ogulitsa gasi ngati amadzaza masilinda a forklift, poti amasiyana ndi ophikira.

Ya batire ilibe utsi, ilibe phokoso, ndipo siifuna oilo wa injini kapena mafyuluta a injini. Pa ola lililonse la ntchito imawononga ndalama zochepa kuposa ya dizilo. Koma batire yamtovu, ya asidi ija, imafuna maola pafupifupi 8 kuti idzaze ndi maola ena ozizirira, komanso kuthiridwa madzi a batire, osati a pampopi. Ikamatsitsidwa kufika pouma nthawi ndi nthawi, imafa msanga. Ya lithium imadzaza msanga ndipo siifuna madzi, koma ndi yodula. Pogula makina akale, batire iyesedwe kaye, chifukwa yatsopano ikhoza kudya gawo lalikulu la mtengo wa makina onse. Machaja ambiri akuluakulu amafuna magetsi a three phase, choncho gulu lione kaye ngati ESCOM idalumikiza otere pa godauni yawo.

Magetsi nawo ali ndi nyengo zake. Ambiri amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kudakula mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Ubwino wa batire ndi woti imasunga mphamvu: ikatchajidwa usiku, imagwira ntchito masana ngakhale magetsi atazima. Chofunika ndi mwambo woilumikiza tsiku lililonse poweruka.

Malo ogwirira ntchito ndiwo amagamula nkhani. M'tauni, m'godauni ya pansi pa simenti pomwe pamasungidwa zakudya, ya batire ndiyo yoyenera. Pamwamba pa phiri la Zomba, kumene amalonda a matabwa a paini amakweza katundu panja, zinthu nzosiyana. Nthaka ndi yotsetsereka, imaterera m'dzinja, ndipo malo ambiri ocheka matabwa ali kutali ndi mawaya a magetsi. Kumeneko kumafunika ya dizilo ya matayala a mpweya. Amene akuganiza zotchaja ndi sola kuphiriko akumbukire nkhungu ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limabisala masiku angapo motsatizana.

Gulu lisanatulutse ndalama, mlembi atenge kope ndi kulemba kwa mwezi wathunthu malole ofika, maola otsitsa ndi kukweza, maola amene magetsi azima, ndi masiku amene dizilo wasowa. Kenako pa mtundu uliwonse wa makina aphatikize mtengo wogulira, mafuta kapena mayunitsi a zaka zisanu, zokonzetsera, batire yatsopano imodzi, ndi ndalama zotayika pa masiku oima. Zonsezo azigawe ndi matumba amene akuyembekezeka kunyamulidwa m'zaka zisanuzo. Yankho ndi mtengo wa thumba limodzi, ndipo aufanizire ndi umene aganyu akulipiritsa lero pa msika waukulu wa Zomba, pa Songani kapena pa Jali.

Ngati malole amafika awiri kapena atatu okha pa mwezi, kubwereka makina pa tsiku kapena kupitiriza ndi aganyu kungakhale kotchipa kuposa kugula. Gulu lalikulu lofuna makina awiri lisagule a mtundu umodzi: imodzi ikhale ya batire ya m'kati, ina ya dizilo ya panja, kuti mphamvu ina ikasowa, lole itsitsidwebe tsiku lomwelo.