Bambo a kunyumba akodwa ndi tramadol: alowe m'kafukufuku?

Azakhali,

Chaka chatha bambo a kunyumba anagwa pangolo potuta chimanga, n'kuvulala msana. Kuchipatala anawalembera tramadol wa masiku ochepa. Msana unapola, koma mapilisiwo sanawaleke. Amakagula mobisa pakagolosale kena. Akawasowa, thukuta kamukamu, m'mimba kutsegula, tulo osabwera, ana n'kumangokalipiridwa. Tsopano kwabwera mtsikana wophunzira za udokotala, akuti akuchita kafukufuku ndipo akufuna kucheza nawo. Ndikuopa kuti dzina lawo likafika kwa a DEC, olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Nditani?

Mayi wosowa mtendere, Chadiza

Mwana wanga,

Mwachita bwino kuulula. Tramadol ndi wa gulu limodzi ndi morphine ndi codeine, ndipo thukuta mukulionalo ndi thupi lomwe lazolowera mapilisiwo. Sanalodzedwe ayi. Musawatayire mapilisiwo m'chimbudzi, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumazunza kwambiri; komanso kumwa ochuluka kumatha kumugwetsa munthu ngati wakhunyu. Aperekezeni ku chipatala cha boma cha Chadiza kuti adokotala aziwachepetsera pang'onopang'ono. Zikakula, amatumiza ku Chipata Central Hospital.

Za mtsikanayo, mantha anu ndikuwamvetsa. Lamulo la 2013 loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia limafuna kuti wofufuza ayambe wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu ofufuzidwa komanso bungwe la National Health Research Authority. Mupempheni akuonetseni makalata ake. Pepala losainira alimasulire m'Chinyanja mpaka bambowo amvetse. Mumufunse maso ndi maso: papepalapo palembedwa dzina kapena nambala? Mawu ojambulidwawo asunga ndani, nanga angakafike kwa wina aliyense? Akayamba kuzungulira poyankha, mutsanzikeni mwaulemu. Ndipo asachezere pansi pa mtengo wa mango, pomwe anansi atchera khutu.

Wovomera kulowa m'kafukufukuyu ndi bambowo, si inu. Akakana, kapena akasiyira panjira, thandizo lawo kuchipatala silichotsedwa.

Mapepala akakhala olongosoka, ine ndingakonde kuti avomere. Zambiri zodziwika za vutoli zinafufuzidwa ku America, komwe mankhwala a gulu lomweli otchedwa OxyContin asakaza mabanja kuyambira 1996. Mlimi wogwa pangolo ali ndi nkhani yakeyake, ndipo madokotala athu akufunika kuimva kuti azilemba mankhwalawa mosamala.

Koma kucheza ndi wofufuza sikuchiritsa. Yambani ndi kuchipatala, sabata yomwe ino.

Azakhali anu