Magazi ali bwino, koma m'maso ndi m'kamwa mukuuma

Tiyerekeze mayi wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Kwa miyezi yambiri m'maso mwake mumamveka ngati mwalowa mchenga. Poyamba ankati ndi fumbi la mumsewu kapena utsi wa pamoto. Mvula inabwera, fumbi linatha, koma mchenga uja osachoka. M'kamwa namo muli gwa. Mbatata yootcha siyitsika popanda kumwera madzi, ndipo usiku amagona ndi kapu ya madzi kumutu. Ngakhale pamaliro misozi imavuta kutuluka. Atayezetsa magazi, anauzidwa kuti sanapezemo kanthu.

Kodi ndiye kuti mayiyu sakudwala? Ayi, akhoza kukhala akudwala ndithu.

Pali matenda otchedwa Sjögren. Dzinali ndi la Henrik Sjögren, dokotala wa maso wa ku Sweden, amene anawafotokoza m'chaka cha 1933. Mwa odwala 10 alionse, 9 amakhala amayi, ambiri a zaka zopitirira 40.

M'thupi mwathu muli asilikali olimbana ndi tizilombo. Pa matendawa asilikali aja amasokonezeka, n'kuyamba kumenya kwawo komwe. Amaukira tiziwalo totulutsa misozi ndi malovu, ndiye zitsime zija zimaphwa. Matendawa si opatsirana. Si kulodzedwanso.

Nanga bwanji magazi sakuonetsa? Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, poyeza malungo kapena kuchepa kwa magazi safufuza matendawa n'komwe. Chachiwiri, chizindikiro chake cha m'magazi, chimene madokotala amachitcha anti-SSA, sichipezeka mwa odwala onse. Ena ali nawo matendawa koma chizindikirocho alibe.

Choncho dokotala amayamba ndi kuchotsa zina zoumitsa m'kamwa. Amayeza shuga. Amayeza HIV, chifukwa nayo imaumitsa m'kamwa ndi kutupitsa masaya ngati matsagwidi. Amafunsanso mankhwala amene munthu akumwa. Piriton ndi amitriptyline, mwachitsanzo, amaumitsa m'kamwa.

Kenaka amayeza misozi. Amakoleka kapepala kopyapyala pachikope cha m'munsi, munthu n'kutsinzina kwa mphindi 5. Kapepalako kakanyowa mamilimita 5 okha kapena osakwana, ndiye kuti misozi yachepa. Malovu nawo amayezedwa. Munthu amalavulira m'kachikho kwa mphindi 15 osatafuna kanthu. Akangokwana mamililita 1.5 kapena kucheperapo, osafika ndi theka lomwe la sipuni ya tiyi, malovu achepa.

Kuyeza kwakukulu ndi kwa mlomo. Amachititsa dzanzi mkati mwa mlomo wa m'munsi, n'kuchotsa timinofu ting'onoting'ono totulutsa malovu. Bala lake ndi laling'ono ndipo limapola msanga. Timinofuto amationa pa maikulosikopu. Akapeza asilikali ataunjikana mmenemo, ndiye kuti awagwira ali pa ntchito yawo yoononga ija, ngakhale magazi asanene kanthu.

Mu 2016 madokotala a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana zowerengera mapointi, monga mmene kapitawo amaphatikizira makilogalamu a tiyi pa sikelo. Mlomo ukaonetsa, ndi mapointi 3. Magazi akaonetsa anti-SSA, ndi 3. Misozi yochepa ndi 1, malovu ochepa ndi 1, timabala ta kuuma pa diso ndi 1. Mapointi akafika 4, amati ndi matenda a Sjögren. Tiyerekeze kuti mayi uja wayezedwa zonsezi, tiwerengetse. Magazi 0, mlomo 3, misozi 1. Zonse pamodzi ndi zingati?

Mankhwala ochiziratu palibe, koma othandiza alipo. Pali madontho a m'maso ogwira ntchito ngati misozi. Kumwa madzi pang'onopang'ono kumathandiza. Popeza malovu ndiwo amateteza mano, munthu wouma m'kamwa mano ake amabooka msanga, choncho shuga achepe, ngakhale mu tiyi wathu wa kunoyu. Musathire zitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'maso.

Ngati kuumaku kwadutsa miyezi 3, bwererani kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo. Angathe kukutumizani ku Gulupu ku Blantyre, kumene kulinso chipatala cha maso cha Lions. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.